Galimoto yaima pa njerwa, koma msonkho ukuwerengedwabe: ndani amakhululukidwa ku Zimbabwe?

M'makomboni akale a mu Harare, monga ku Mbare, ku Mufakose, ku Highfield ndi ku Dzivarasekwa, kumene kuli mabanja ambiri a ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno ku Halale, sikusowa galimoto imene inaima kalekale kuseri kwa nyumba. Matayala anachotsedwa, inakhazikidwa pa njerwa, nkhuku zimaikira mazira pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo pagalasi lakutsogolo pakadali kapepala ka laisensi kamene kanayezuka ndi dzuwa mpaka manambala ake sakuwerengekanso. Eni ake mukawafunsa amayankha mtima uli m'malo kuti galimotoyo sikudya kanthu popeza sikuyenda. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. M'kaundula wa boma galimoto imeneyo ikadali yamoyo, ndipo ngongole yake ya msonkho wa pamsewu imapitirira kukwera, pokhapokha mwini wake atanyamuka n'kukapempha kuti ikhululukidwe.

Mawu akuti kukhululukidwa msonkho, amene kumaofesi amati exemption, amasokoneza anthu chifukwa ndalama zimene mwini galimoto amapereka si zamtundu umodzi ndipo sizipita m'thumba limodzi. Pali laisensi ya galimoto, imene ambiri amangoitchula kuti ZINARA. Pali ndalama za pa zipata zolipiritsa za m'misewu ikuluikulu. Pali laisensi ya wailesi ya ZBC, nyumba ya boma youlutsira mawu, imene tsopano inamangiriridwa ku laisensi ya galimoto. Palinso msonkho wolowetsera galimoto m'dziko, umene amatolera ndi a ZIMRA, bungwe la boma lotolera misonkho. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi lamulo lake, ofesi yake, ndiponso anthu ake amene chimawakhululukira. Munthu akamva pamaliro kapena pa WhatsApp kuti olumala salipira, kapena kuti ogwira ntchito m'boma anachotseredwa msonkho, kawirikawiri amakhala kuti wamva zoona zokhudza thumba limodzi, iye n'kuzitenga ngati zikukhudza matumba onse anayi.

Tiyambe ndi laisensi yeniyeniyo. Bungwe la Zimbabwe National Roads Administration, limene ndi ZINARA, linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Roads Act kuti lizisonkhanitsa ndalama zosamalira misewu ndi kuzigawa kwa amene amaikonza, omwe ndi nthambi ya boma yoona za misewu, makhonsolo a m'mizinda, makhonsolo a m'madera akumidzi, komanso bungwe la boma lotukula madera akumidzi limene kale linkatchedwa DDF. Udindo woti galimoto ilembetsedwe ndi kukhala ndi laisensi umachokera ku lamulo lina, la Vehicle Registration and Licensing Act, ndipo kaundula wa galimoto zonse amasungidwa ndi ofesi ya Central Vehicle Registry, imene anthu amati CVR. Akuluakulu amakumbukira kuti kale laisensi inkalipiridwa ku khonsolo ya mzinda. Ntchitoyi itasamutsidwira ku ZINARA, khonsolo ya Harare yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri kuti ndalama zimene imabwezeredwa n'zochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa galimoto za mumzindawu, ndipo mkangano umenewu umabuka nthawi iliyonse ya dzinja, maenje akachuluka m'misewu.

Mtengo wa laisensi umatengera kulemera kwa galimoto, kotero kuti Honda Fit silipira mofanana ndi lole yonyamula mchenga. Chaka chimagawidwa m'zigawo za miyezi inayi inayi, ndipo munthu atha kulipira chigawo chimodzi kapena chaka chonse nthawi imodzi. Asanapatsidwe kapepala kopachika pagalasi kaja, ayenera kuonetsa kuti galimotoyo ili ndi inshuwalansi, ngakhale yotsikitsitsa ija yoteteza anthu ena amene angavulazidwe kapena kuonongeredwa katundu pangozi. Wochedwa kulipira amamuwonjezera chindapusa pamwamba pa ngongole. Mfundo yofunika kuimvetsa ndi yakuti zonsezi zimawerengedwa ndi kompyuta potsata nambala ya galimoto. Kompyuta sidziwa kuti injini inafa, sidziwa kuti mwini wake ali ku Joni, ndipo sidziwa kuti pakhomopo panagwa maliro. Chimene imadziwa n'chakuti tsiku lomaliza la laisensi linadutsa ndipo palibe amene anabwera kudzanena kanthu.

Chikhululukiro chimene munthu wamba aliyense angachipeze, posatengera udindo wake, msinkhu wake kapena kumene makolo ake anachokera, ndi cha galimoto imene yachoka pamsewu. Amakaniko ndi ogulitsa galimoto amaitchula kuti non-runner. Maganizo a lamulo apa ndi osavuta kuwatsata: ndalamazi n'zosamalira msewu, choncho galimoto imene sikuponda msewu siyenera kulipira, koma mwini wake ndiye ayenera kuonetsa kuti zilidi choncho. Chikhululukirochi chimayang'ana mmene galimoto ilili, osati mmene thumba la mwini wake lilili. Bambo amene ntchito yawathera koma galimoto yawo ikuyendabe sangachipeze ngakhale atalira motani, pamene munthu wachuma amene galimoto yake yachitatu yagona ku galaja kudikira giyabokosi yochokera kunja akhoza kuchipeza popanda vuto. Ena amaona ngati kumeneku n'kukondera, koma ndi mmene lamulolo linalukidwira.

Wopempha amapita ku ofesi ya ZINARA ndi buku la galimoto pamodzi ndi chitupa chake, n'kulemba fomu yofotokoza chifukwa chimene galimotoyo yaimira. Mawu a pakamwa okha sakwanira. Umboni umene umamveka ndi wonga kalata ya galaja yonena chimene chinaonongeka, lipoti la apolisi ngati galimoto inachita ngozi kapena inabedwa, kapenanso kalata yolumbira pamene galimoto yangoimikidwa pakhomo. Apa pali phunziro kwa ife amene timakonzetsa galimoto kwa amakaniko a pansi pa mtengo ku Gazaland kapena ku Magaba. Amisiriwa ntchito amaidziwa, ena kuposa a m'magalaja a mtauni, koma ambiri alibe pepala lokhala ndi dzina la bizinesi ngakhale chidindo, ndipo tsiku limene umboni ukufunika munthu amapezeka ali chimanjamanja. N'kwanzeru kusunga malisiti a zipangizo, kujambula galimotoyo mmene ilili pa tsiku limene yaima, ndi kufunsa msanga kuofesi mtundu wa kalata imene angailandire.

Nthawi yopempherayo ndiyo mtima wa nkhani yonseyi. Chikhululukiro chinapangidwa kuti chiimitse kuwerengera kwa msonkho kuyambira pamene ofesi yadziwitsidwa kupita m'tsogolo, ndipo chimayenda bwino pamene wopempha alibe ngongole yakale. Munthu amene wabwera laisensi isanathe, atanyamula kalata ya galaja, nkhani yake imakhala yaifupi. Amene wabwera patapita zaka zitatu, n'kumalumbira kuti galimoto inafa kalekale, amakhala akupempha kuti ofesi ikhulupirire mbiri imene palibe anaiona, ndipo ameneyo ayembekezere kuuzidwa za ngongole ndi chindapusa nkhani ya chikhululukiro isanayambe n'komwe. Komanso chikhululukiro si chamuyaya. Chimaperekedwa kwa nthawi yodziwika, ndipo nthawiyo ikatha galimoto isanadzuke, mwini wake ayenera kubwereranso kukachiwonjezera, apo ayi kompyuta imayambiranso kuwerenga ngati kale.

Galimoto yokhululukidwa siloledwa pamsewu, ngakhale kamtunda kochepa. Izi zimaoneka zodziwikiratu, koma ndi pamene anthu amapunthwa kawirikawiri. Makaniko akamanga injini amafuna kuiyesa, ndipo mwini wake, chimwemwe chitamugwira, amati tiyeni tingozungulira kufika pa mashopu. Akakumana ndi apolisi pa ulendo umenewo, pepala la chikhululukiro silimuteteza, m'malo mwake limasanduka umboni womutsutsa, chifukwa iye yemwe analemba kuti galimotoyo siyenda. Ngati ikufunika kusamutsidwa kuchoka pakhomo kupita ku galaja, inyamulidwe ndi galimoto yokoka. Ikachira, mwini wake ayambe wagula inshuwalansi ndi laisensi, kenako ndiye ailize.

Pali chinthu china chowawa kuposa chindapusa. Galimoto imene yakhala zaka ziwiri yopanda laisensi komanso yopanda chikhululukiro imafufutidwa m'kaundula, ndipo a ZINARA akhala akuchenjeza za zimenezi m'manyuzipepala. Kufufutidwa sikutanthauza kuti ngongole yafa. Kumatanthauza kuti nambala ija sikugwiranso ntchito, ndipo wofuna kuibwezera galimotoyo pamsewu ayenera kuilembetsanso, zimene zimafuna kuti apolisi aiyendere ndi kutsimikiza kuti si yakuba, ngongole ilipiridwe, ndiponso alipire zolembetsera ndi nambala. Pa galimoto yakale ngati Mazda 323 kapena Nissan Sunny, ndalama zonsezi zikaphatikizidwa zikhoza kuyandikira mtengo wa galimoto yeniyeniyo, ndipo n'chifukwa chake zambiri mwa galimoto za pa njerwa zija sizidzadzukanso ngakhale kuti chimene chinazigoneka poyamba chinali chaching'ono.

Ndinaona zimenezi pabanja lina la ku Mufakose limene timapemphera nalo. Bambo wa pakhomopo atamwalira, anasiya kagalimoto kamene ankanyamulira ndiwo kuchokera kumsika wa Mbare. Pa tsiku la m'meto amalume a anawo, monga mwini mbumba, analamula kuti katundu wa malemu asakhudzidwe kufikira abale a ku Dedza atabwera kudzakhala pansi. Mwana wamkulu, amene anali dalaivala wa kombi ndipo ankadziwa za mapepala, anayesa kunena mwaulemu kuti, “Amalume, katundu tisamugawe, ndamva, koma mundilole ndikangonena ku ofesi kuti galimotoyi yaima.” Amalumewo anayankha kuti, “Mphwanga, bambo ako sanazizire m'manda, iwe wayamba kale kuyenda ndi mabuku awo?” Mnyamatayo anakhala chete, pakuti mawu otere sayankhidwa pagulu. Abale a ku Dedza anabwera patapita zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, chifukwa ulendo wodutsa ku Tete si wa ndalama zochepa, ndipo pamene anagwirizana kuti galimoto ikhale ya mayi wamasiye, inali itafufutidwa kale. Amalumewo sanali munthu woipa. Iwo ankateteza mwambo woti katundu wa malemu asalandidwe mwachinyengo, koma sanadziwe kuti kudziwitsa ofesi sikusintha mwini galimoto. Kusintha dzina m'buku ndi nkhani ina, imene imadikira kuti chuma cha malemu chilembetsedwe kwa Master of the High Court kapena kubwalo la majisitireti ndi kuti pasankhidwe wochiyendetsa, ndipo banja lanzeru limafulumira kufunsa mmene msonkho ungaimitsidwire pamene zonsezo zikuyenda.

Ngongole imatsata nambala ya galimoto, ndipo ogula galimoto zogwiritsidwa kale ntchito ayenera kuikumbukira mfundo imeneyi asanatulutse ndalama. Mu Harare muli galimoto zambiri zimene zadutsa m'manja atatu kapena anayi pongolemberana kapepala ka mgwirizano, dzina la m'buku likadali la mwini wake woyamba. Wogulitsa akanena kuti galimotoyi inali pa exemption, mufunseni pepala lake ndipo muone masiku ake, kenako mukafunse kuofesi kuchuluka kwa ngongole imene ili pa nambalayo. Ngati mwapeza ngongole, ichotsedwe pa mtengo. Kusintha dzina kuli ndi zolipira zakezake ku ZIMRA ndi ku CVR, kuphatikizapo kukaonetsa galimoto kwa apolisi ofufuza za galimoto zobedwa, ndipo ambiri amazemba chifukwa cha zimenezi, koma tsiku limene galimotoyo idzafe n'kufunika chikhululukiro, wopempha adzafunsidwa chifukwa chimene dzina la pachitupa chake likusiyanira ndi la m'buku.

Gulu lachiwiri ndi la amene amakhululukidwa chifukwa cha udindo, ndipo pa ili palibe zambiri zoti munthu wamba achitepo. Galimoto za boma, za asilikali ndi za apolisi zili ndi manambala awoawo ndipo zimayendera ndondomeko zawo. Akazembe a maiko ena amatetezedwa ndi pangano la ku Vienna la mu 1961, limene limawachotsera misonkho yambiri ya dziko limene akugwirako ntchito, ndipo galimoto zawo zimadziwika ndi zilembo za CD. Mwayi umenewu ndi wa kazembe ndi anzake amene anatumidwa ndi boma lawo. Munthu wokhala konkuno amene walembedwa ntchito ya udalaivala kapena ya ukalaliki ku ofesi ya kazembe wa Malawi, galimoto yake ya pakhomo imalipira ngati ya wina aliyense. Pasipoti ya Malawi payokha sichotsera munthu kalikonse, monganso mmene kukhala mdzukulu wa munthu wobwera sikumuwonjezera kalikonse. Laisensi ya galimoto sifunsa mtundu.

Zipata zolipiritsa zinayamba mu 2009, ndipo poyamba ndalama zake ankatolera ndi a ZIMRA, kufikira mu 2013 pamene ntchitoyi inapita ku ZINARA. Wotuluka mu Harare amakumana nazo pafupifupi mbali zonse: cha ku Skyline pa msewu wa ku Masvingo, cha ku Norton pa msewu wa ku Bulawayo, cha ku Inkomo pa msewu wa ku Chirundu, ndi cha ku Eskbank popita ku Mazowe. Ma ambulansi, galimoto zozimitsa moto, za apolisi ndi za asilikali zimadutsa osalipira, ndipo pali ndondomeko yopeputsira anthu amene nyumba zawo zili pafupi ndi chipata moti amachidutsa tsiku ndi tsiku popita kuntchito kapena kukasiya ana kusukulu. Oterewa amayenera kulembetsa ndi kuonetsa umboni wa kumene amakhala, ndipo mwayiwo umakhala wa chipata chawocho, osati wa zipata zonse za m'dziko. Kupeputsidwa pa chipata sikukhudza laisensi. Ndipotu zipatazi zasanduka malo ogwirira galimoto zopanda laisensi, chifukwa kompyuta ya pa chipata ndi ya ku ofesi ya malaisensi zili m'manja mwa bungwe limodzi, moti munthu wa ngongole amene wazolowera kuzemba m'tinjira ta m'komboni amakodwa tsiku limene wanyamula banja kupita kumaliro kutali.

Nkhani ya wailesi ndi yatsopano ndipo inautsa mkwiyo. Mu 2025 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anasainira kusintha kwa lamulo la Broadcasting Services Act, kumene kunachititsa kuti munthu asagulitsidwe inshuwalansi kapena laisensi ya galimoto ngati alibe laisensi ya wailesi ya ZBC. Pa nthawiyo mtengo unalengezedwa kuti ndi madola a ku America 92 pa chaka, ndalama imene kwa eni tigalimoto ting'onoting'ono inali yolemera ndithu. Lamulo lomwelo linasiya khomo lotulukira kwa amene ali ndi chikalata cha chikhululukiro chochokera ku ZBC ndiponso kwa galimoto imene ilibe wailesi. Onani kuti chikhululukiro chimenechi ndi cha ZBC, si cha ZINARA, ndipo chimangochotsa ndalama ya wailesi yokha. Ena anathamangira kuzula mawailesi m'galimoto zawo, n'kusiya dzenje la mawaya pa dashibodi. Kuzula si mlandu, koma kulemba kuti mulibe wailesi pamene mwaibisa pansi pa mpando kuti muibwezere madzulo ndi kunama pa chikalata cha boma, ndipo kumeneko ndi kudziputira mlandu woposa ndalama imene mumafuna kupulumutsa.

Kumene kumachokera mphekesera zambiri ndi ku ZIMRA, chifukwa kumeneko kulidi magulu a anthu amene amachotseredwa msonkho, ndipo ndalama zake ndi zazikulu. Munthu wosaona, kapena wolumala mokhalitsa moti amavutika kuyenda, akhoza kupempha kuti alowetse galimoto popanda msonkho wa kasitomu, bola aonetse lipoti la dokotala ndipo galimotoyo ikhale yoyenerana ndi ulumali wake, monga yosintha yokha magiya kapena yoikidwa zowongolera zapadera. Mwayiwu umaperekedwa kamodzi pa zaka zisanu, ndipo galimotoyo siyenera kugulitsidwa nthawiyo isanakwane popanda chilolezo ndi kulipira msonkho umene unasiyidwa. Munthu amene wakhala kunja kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo ndipo akubwerera kudzakhazikika akhoza kulowetsa katundu wake ndi galimoto imodzi imene anali nayo kale asanabwere, koma saloledwa kuigulitsa miyezi 24 isanathe. Kuyambira mu 2019 ogwira ntchito m'boma amene atumikira zaka 10 anapatsidwanso mwayi wofanana nawo, wokhala ndi malire a mtengo wa galimoto motengera udindo wa munthu. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo la mu 2021 limene linaika chiletso pa kulowetsa galimoto zakale zopitirira zaka 10, ndipo wofuna kuitanitsa galimoto ayambe wafunsa ngati gulu lake likukhudzidwa nalo asanatumize ndalama ku Japan.

Zonsezi zimathera pa chipata cholowera m'dziko. Galimoto ikalowa n'kulembetsedwa ku CVR, nkhani ya kapepala ka pagalasi imayamba payokha, ndipo kalata ya ZIMRA silowa m'malo mwa laisensi pamene wapolisi wakuimitsani. Ndinenenso mosabisa za chizolowezi china chimene chimamveka m'mabanja mwathu, chogwiritsa ntchito dzina la m'bale wolumala kapena la mlamu wa uphunzitsi kuti wina alowetse galimoto yake motchipa, kenako n'kuisandutsa mushikashika, yomwe ndi galimoto yonyamula anthu olipira popanda chilolezo. Galimoto yotere ikagwidwa imalandidwa, msonkho wonse umafunidwa, ndipo amene amatsala ndi mlandu ndi mwini dzina uja, amene mwina sanakweremo n'kamodzi komwe. Choipa kwambiri n'chakuti chinyengo chotere chimachititsa kuti ofesi iumitse zinthu, ndipo amene amavutika ndi olumala enieni, amene galimotoyo ndi miyendo yawo.

Kwa ife amene abale athu amabwera kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre pa galimoto zawo, pali funso limene limabuka nthawi ya Khirisimasi ndi ya maukwati. Galimoto ya nambala ya ku Malawi sigula laisensi ya ZINARA, koma kumeneku si kukhululukidwa, chifukwa imalipira m'njira ina. Ikadutsa ku Mwanza kapena ku Dedza, n'kuwoloka Zambezi ku Tete, n'kufika pa boda ya Nyamapanda, mwini wake amatenga chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, chimene amati TIP, ndipo amalipira ndalama yogwiritsira ntchito msewu, msonkho wa utsi, komanso inshuwalansi ngati alibe Yellow Card, khadi la inshuwalansi la bungwe la zamalonda la maiko la COMESA. Khadi limeneli limagwira ntchito ku Malawi ndi ku Zimbabwe, koma Mozambique si membala wa COMESA, choncho chigawo cha pakaticho chimafuna inshuwalansi yakeyake. Pa zipata za m'njira amalipira ngati wina aliyense, monga mmene amachitira kwawo pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Chilolezo cha TIP ndi cha mlendo ndipo chili ndi tsiku lothera. Achimwene akabwerera pa basi n'kusiyira mng'ono wawo wa ku Highfield galimoto kuti aziyendera, amakhala atamusiyira mlandu, chifukwa munthu wokhala m'dziko muno saloledwa kusunga ndi kuyendetsa galimoto yakunja pa chilolezo cha mlendo, ndipo masiku akatha galimotoyo imaonedwa ngati yolowa mozemba msonkho.

Ndikudziwa chimene ambiri amanena akamva zonsezi: tilipirirenji pamene misewu ya m'makomboni mwathu yasanduka madambo? Dandaulo limeneli lili ndi maziko. Boma lenilenilo linalengeza mu 2021 kuti misewu ya dziko lino ili pa ngozi yaikulu ndipo linayambitsa ntchito yoikonza mwachangu, ndipo ngakhale msewu wa ku Beitbridge wakonzedwa mbali yaikulu ndiponso pa mphambano ya Mbudzi mu Harare pamangidwa milatho yodutsana imene inatsegulidwa mu 2025, munthu wa ku Dzivarasekwa amasinthabe mashoko chaka ndi chaka. Maganizo anga ndi akuti lamulo la chikhululukiro palokha ndi lachilungamo, koma silifika kwa anthu amene likanawathandiza kwambiri. Zilengezo zimatuluka m'Chingerezi, m'manyuzipepala ndi pa intaneti, pamene eni galimoto za pa njerwa ambiri ndi okalamba ndi amayi amasiye amene nkhani amazimvera kutchalitchi, kumzikiti ndi ku mabungwe a maliro. Mabungwe athu a maliro, amene amadziwa kale kutsata chikalata cha imfa ndi cha manda, akanachita bwino kuwonjezera funso limodzi pa zimene amafunsa banja loferedwa, lakuti kodi malemu anasiya galimoto, nanga laisensi yake ikutha liti.

Yatsala galimoto imene mwini wake akudziwa mumtima kuti sidzayendanso, imene chitsulo chake chadyeka ndi dzimbiri ndipo zipangizo zake zayamba kale kuzulidwa chimodzichimodzi. Kuipemphera chikhululukiro chaka ndi chaka ndi kungotaya nthawi ndi ndalama zoyendera. Njira yake ndi kukadziwitsa a CVR kuti galimotoyo yathetsedwa, kuti ichotsedwe m'kaundula mwa dongosolo, mwini wake atanyamula buku ndi manambala ake. Anyamata ogula zitsulo akabwera ndi ngolo kuchokera kumsika wa Siyaso ku Mbare, agulitseni chitsulo chokha, ndipo manambala a kutsogolo ndi kumbuyo muwamasule nokha asanayambe kudula. Nambala imene yapita ndi zitsulo ikhoza kukapezeka itamangidwa pa galimoto ina imene yagunda munthu n'kuthawa kapena yanyamula katundu wakuba, ndipo apolisi akafunsa ku kaundula, dzina ndi keyala zimene zidzatuluke ndi za amene analembedwa m'buku, kaya ndi gogo wa ku Mbare amene anasiya kuyendetsa zaka 15 zapitazo.